CHISHALO CHA NJINGA: KODI CHOFEWA NDICHO CHABWINO?

Palibe mmodzi mwa ife amene njinga ya kapalasa ndi yachilendo kwa iye. Ndiyo imapita kuchigayo, ndiyo imanyamula wodwala usiku kupita naye kuchipatala, ndiyonso imatitula pa siteji ya basi tchuthi chikatha. Chubu chikaphulika timathamangira kwa okonza njinga, ndipo tcheni chikaduka sitigona tulo. Koma pali chiwalo chimodzi cha njinga chimene chimazunza anthu tsiku ndi tsiku popanda wochiimba mlandu, ndicho chishalo. Munthu akatsika njinga nayamba kuyenda chotang'adza amangoti ulendo unali wautali, kapena amanyoza msewu. Mawa lake amagula siponji yokhuthala n'kuimangirira pachishalo ndi mphira, koma ululu osatha.

M'nkhani ino ndifuna kufotokoza m'mene thupi la munthu limakhalira pachishalo, zinthu zimene amapangira zishalo, ndiponso chifukwa chimene maonekedwe a chishalo ali ofunika kuposa kufewa kwake. Nkhaniyi si yongocheza, pakuti chishalo cholakwika chimabweretsa zilonda ndi dzanzi, ndipo kwa munthu amene amadyera njinga, tsiku limodzi losapalasa ndi tsiku logona ndi njala.

MAFUPA AWIRI OKHALIRA

Tiyambe ndi thupi lenilenilo. Khalani pa benchi youma, mulowetse zikhato zanu kunsi kwa matako, ndipo mugwedezeke pang'ono. Mumva mafupa awiri obulungira akudinda zala zanu, lina kumanja lina kumanzere. Amenewa ndi nsonga zam'munsi za fupa la chiuno, ndipo m'nkhani ino ndiwatchula kuti mafupa okhalira. Ntchito yawo ndi kusenza thupi lonse munthu akakhala pansi. Khungu ndi mnofu wa pamenepo zimazolowera kupanikizika, monga m'mene chikhato cha mlimi chimazolowerera mpini wa khasu.

Pakati pa mafupa awiriwa, kulowera kutsogolo, pali malo ofewa amene madokotala amawatcha perineum. M'menemo mumadutsa mitsempha ya magazi, mtsempha wotumiza mauthenga ku ziwalo zobisika wotchedwa pudendal, komanso njira ya mkodzo. Malo amenewa sadapangidwe kuti azisenza katundu. Akapanikizika nthawi yaitali magazi sayenda bwino ndipo munthu amamva dzanzi, chimodzimodzi mwendo umene mwaukhalira pamphasa.

Tsono lamulo lalikulu la chishalo chilichonse ndi ili: chisenze munthu pa mafupa okhalira, ndipo chisiye malo apakatiwo ali omasuka. Zonse zimene ndinene kutsogoloku zikuchokera pa lamulo limeneli.

CHIKOMEKOME CHA MKUYU

Ambiri aife pogula chishalo timachidinda ndi chala chachikulu. Chala chikamira timati tapeza chabwino. Apa mpamene pagona chinyengo, pakuti chala si chiuno. Munthu wa makilogalamu 60 akakhala pa siponji yofewa kwambiri, mafupa okhalira amamira mpaka kukagunda chitsulo kapena pulasitiki ya kunsi. Siponji yothawa kunsi kwa mafupawo siisowa; imatukumuka pakati ndi m'mbali, n'kuyamba kukankha malo ofewa aja amene timafuna kuwateteza. Motero pa mphindi khumi zoyamba munthu amamva ngati ali pasofa, koma pakatha ola amayamba kusinthasintha makhalidwe ngati wakhalira linthumbu. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Taganizirani nkhata imene amayi amasenzera ndowa ya madzi. Nkhata yabwino siikhala yofewa ngati thonje. Amaipota molimba kuti isaphwatalale, imagawa kulemera kwa ndowa mozungulira mutu, ndipo pakati pake pamakhala bowo kuti liwombo lisapanikizike. Nkhata yofewa imaphwa msanga ndipo ndowa imayamba kudinda mutu. Nzeru ya chishalo chabwino ndi yomweyo: cholimba mokwanira kuti chisaphwe, chogawa kulemera pamalo oyenera, chosiya pakati pali mpata.

Vuto lachiwiri la chishalo chofewa ndi kukhulana. Munthu wopalasa modekha amazunguza mapedulo pafupifupi ka 60 pa mphindi imodzi. Pa ola limodzi ndiye kuti mwendo uliwonse watsika ndi kukwera ka 3,600, ndipo pa ulendo wa maola atatu ka 10,800. Ngati siponji yatukumuka m'mbali n'kumakhudza ntchafu, khungu likhulidwa ka 10,800. Onjezerani thukuta la mwezi wa October ndi fumbi la mumsewu, mupeza kuti khungu lasupuka, tizilombo talowa, ndipo patuluka chithupsa.

ZINTHU ZOPANGIRA CHISHALO

Njinga zoyamba zidalibe chisoni ndi wokwera. Mu 1817 Karl von Drais wa ku Germany adapanga njinga yamatabwa yopanda mapedulo, imene munthu ankaikankha ndi mapazi. M'zaka za m'ma 1860 ku Paris kudatuluka njinga za mapedulo, koma magudumu ake adali amatabwa okutidwa ndi chitsulo, kotero kuti Angerezi adazipatsa dzina lachipongwe lotanthauza chogwedeza mafupa. Njinga ya maonekedwe amene tikuwadziwa lero, ya magudumu awiri ofanana ndi tcheni, idatchuka ndi Rover ya John Kemp Starley wa ku Coventry mu 1885, ndipo mu 1888 John Boyd Dunlop ku Belfast adabweretsa matayala opopa mpweya. Kuyambira pamenepo anthu adayamba kuyenda maulendo ataliatali, ndipo funso la chishalo lidakula. Tiyeni tione zinthu zimene amisiri akhala akuyesa.

Choyamba ndi chikopa. John Boultbee Brooks adayamba ntchito yosoka zikopa za akavalo ku Birmingham mu 1866, ndipo mu 1882 adalembetsa chishalo chake choyamba cha njinga. Chishalo chake chotchedwa B17 chidayamba kugulitsidwa m'zaka za m'ma 1890 ndipo mpaka lero chikupangidwa. Chodabwitsa n'chakuti chishalo chachikopa chilibe siponji ngakhale pang'ono. Ndi chikopa chokhuthala cha ng'ombe chimene amachikoka pakati pa zitsulo ziwiri, china kumphuno china kumbuyo, monga m'mene amakungira ng'oma. Munthu amalendewera pachikopacho ngati pa machila. Chikakhala chatsopano chimauma ngati thabwa, koma mukachipalasa makilomita mazana angapo chimapindika pang'onopang'ono, ndipo pamaoneka timaenje tiwiri pamene mafupa a mwini wake amagwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chikopa chimapitanso mpweya, motero sichisunga thukuta. Mdani wake ndi madzi: chikanyowa n'kukhalidwa chimatamuka ndipo sichibwereranso. Chimafuna kuchivundikira ndi jumbo mvula ikamagwa, kuchipaka mafuta a zikopa mwa apo ndi apo, ndi kumanga pang'ono bawuti ya kumphuno chikayamba kulendewera.

Chachiwiri ndi siponji. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 kampani ya Cinelli ku Italy idatchukitsa chishalo cha Unicanitor, chimene thunthu lake lidali la pulasitiki. Pambuyo pake amisiri adayamba kuyala siponji pamwamba pa pulasitikiyo n'kuikuta ndi chikopa chopyapyala kapena nsalu ya pulasitiki. Zishalo zambiri za masiku ano zimapangidwa chomwechi. Siponji yake kawirikawiri imakhala ya polyurethane, mtundu womwewo wa matiresi, kapena ya EVA, imene timaionanso kunsi kwa nsapato zothamangira. Siponji imasiyana kulimba. Yolimba imaphwa pang'ono n'kubwerera, ndipo ndiyo yoyenera ulendo wautali. Yofewa imaphweratu ndipo imakalamba msanga. Siponji ya matiresi ili ndi vuto linanso: timabowo take n'totseguka, choncho imamwa madzi ndi thukuta n'kuzisunga. Chikuto chikang'ambika mvula n'kulowa, chishalo chimanyowetsa buluku kwa masiku angapo dzuwa likuwala.

Chachitatu ndi jelo, imene idafala m'zaka za m'ma 1980. Ndi chinthu chonanda ngati phala lozizira. Ubwino wake ndi wakuti imatsata maonekedwe a thupi nthawi yomweyo, ndipo pa ulendo waufupi wopita kumsika imakoma zedi. Koma popeza imayenda, imathawa kunsi kwa mafupa n'kukaunjikana pakati. Ndi yolemeranso kuposa siponji, ndipo njinga ikakhala padzuwa imasunga kutentha. N'chifukwa chake zishalo zabwino zimangoika jelo yochepa pansi pa mafupa okhalira, pamwamba pa siponji yolimba.

Chachinayi ndi masipuling'i. Njinga zakuda zimene makolo athu ankazinyadira, monga Humber ndi Raleigh, ndi zina zofanana nazo zochokera ku India ndi ku China monga Hero ndi Phoenix, zimabwera ndi masipuling'i awiri opota kumbuyo kwa chishalo, zina ndi lachitatu kumphuno. Tisasokoneze ntchito ya siponji ndi ya sipuling'i. Siponji imagawa kulemera kwa thupi. Sipuling'i imameza kugunda kwa mabampu ndi maenje kuti kusafike kumsana. Munthu wokhala chilili, msana uli woongoka, amalandira bampu iliyonse molunjika m'fupa la msana, ndipo kwa iyeyu masipuling'i ndi ofunika m'misewu yathu yafumbi. Wothamanga amene wawerama amameza mabampu ndi miyendo ndi manja, ndipo kwa iye masipuling'i amangomudyera mphamvu pomunjanjitsa.

Chachisanu ndi chatsopano. Mu 2019 makampani a Specialized ndi Fizik adaonetsa zishalo zimene m'malo mwa siponji zili ndi ukonde wa pulasitiki yofewa wosindikizidwa ndi makina oyendetsedwa ndi kompyuta. Ukondewo amauluka molimba pansi pa mafupa ndi mofewa pakati, m'chishalo chimodzi chomwecho. Mtengo wake ndi woposa wa njinga yathunthu ya kumudzi, koma taonani kuti nzeru yake ndi ya nkhata ija.

MAONEKEDWE A CHISHALO

Ngati mungandifunse chinthu chimodzi chofunika kuposa zonse, ndingayankhe kuti ndi m'lifupi mwa chishalo. Mpata wa pakati pa mafupa okhalira umasiyana munthu ndi munthu. Kwa akuluakulu ambiri umakhala pakati pa masentimita 10 ndi 15, ndipo wa akazi kawirikawiri umakhala wokulirapo kuposa wa amuna. Mpatawu suyendera kunenepa. Munthu wonenepa angathe kukhala ndi mafupa oyandikana, ndipo wowonda angathe kukhala ndi otalikirana. Chishalo chikachepa, mafupa amagwera m'mbali ndipo munthu amatsala atakwera pakati ngati wakhala pa nthambi ya mtengo. Chikakula mopitirira, m'mbali mwake mumakhula ntchafu, ndipo wopalasa amadzikankhira kutsogolo n'kukakhala pamphuno, pamene mpopweteka koposa.

Kuyeza mafupa anu n'kosavuta. Tengani chidutswa cha katoni yokhuthala, muchiike pa sitepe ya simenti kapena pa benchi youma. Khalanipo mutavala kabudula wopyapyala, muwerame pang'ono monga mumachitira panjinga, ndipo munyamule mapazi kwa kanthawi. Mukadzuka muona timaenje tiwiri. Yezani ndi rula kuchokera pakati pa kadzenje kena kufika pakati pa kanzake. Pa nambala imeneyo onjezerani masentimita awiri ngati mumapalasa mowerama pang'ono, kapena atatu mpaka anayi ngati mumakhala chilili. Mwachitsanzo, amene wapeza masentimita 12 ndipo amawerama pang'ono afune chishalo cha masentimita 14 pamalo pamene mafupa amagwa.

N'chifukwa chiyani makhalidwe akusintha nambala? Fupa la chiuno kunsi kwake lili ngati chilembo cha V, lotambasuka kumbuyo ndi lopanikizana kutsogolo. Munthu akakhala chilili amatsamira kumbuyo kotambasuka, ndipo pafupifupi thupi lonse limalemera pachishalo. Akawerama chiuno chimagudubukira kutsogolo, amatsamira pamene mafupa ayandikana, ndipo kulemera kwina kumapita kumahandulo ndi kumapedulo. Ichi ndicho chifukwa chake njinga zampikisano zili ndi zishalo zowonda za masentimita 13 mpaka 15, pamene njinga zakuda za mahandulo okwera zili ndi zotambalala zopitirira masentimita 20. Palibe cholakwika mwa ziwirizi. Kulakwa kumabwera pozisinthanitsa. Ndaonapo anyamata akuchotsa chishalo cha njinga yothamangira ya kaunjika n'kuchiika pa njinga yakuda pofuna kuoneka amakono, ndi akuluakulu akuika chishalo chotambalala cha masipuling'i pa njinga ya mahandulo opindikira pansi. Onsewa amadzigulira ululu ndi ndalama zawo.

Kenaka pali msana wa chishalo. Mukachiyang'ana kuchokera kumbuyo, china chimakhala chafulati, china chokwera pakati ngati mzere wa mbatata. Chokwera pakati kwambiri chimalowa pakati pa mafupa ngati mphero. Chafulati chimasenza mafupa bwino. Mukachiyang'ana cham'mbali, china n'choongoka, ndipo chimalola munthu kusuntha kutsogolo ndi kumbuyo. China chili ndi chigwa pakati ndi mchira wokwera, ndipo chimagwira munthu pamalo amodzi ndi kumupatsa potsamira pokwera chitunda.

Nanga mphuno yaitaliyo ntchito yake n'chiyani? Si yokhalapo ayi. Ntchafu zimaigwira poongolera njinga, makamaka pokhota, potsetsereka, ndi pamene dzanja limodzi lachoka pa handulo. Koma ndiyonso imapanikiza malo ofewa munthu akawerama. Pofuna kuthetsa vutoli amisiri adayamba kusema ngalande pakati pa chishalo, ena kuboola bowo lenileni, makamaka kuyambira m'zaka za m'ma 1990. Georgena Terry wa ku America adatchuka ndi zishalo zoboola zopangira akazi, ndipo zitaoneka kuti zikuthandiza, amuna nawonso adazifuna. Bowolo limathandiza anthu ambiri, koma si mankhwala a aliyense: likakhala lopapatiza kapena m'mphepete mwake mukakhala molimba, kulemera kumangosamukira m'mphepetemo.

ZIMENE MADOKOTALA ADAPEZA

Ku Norway kuli mpikisano wa njinga wochokera ku Trondheim kukafika ku Oslo, mtunda wa makilomita 540, woposa ulendo wochoka ku Blantyre kupita ku Lilongwe kuphatikizapo theka la ulendo wobwerera. Mu 1997 madokotala awiri, Andersen ndi Bovim, adafalitsa zimene adapeza atafunsa amuna 160 amene adapalasa nawo. Pafupifupi mmodzi mwa asanu aliwonse adamva dzanzi ku ziwalo zobisika, ndipo kwa ena lidatenga nthawi yopitirira sabata lisanathe.

Mu 2002 madokotala a ku Cologne ku Germany adayeza mpweya wa okosijeni wofika ku ziwalozo mwa anyamata 20 athanzi, akupalasa pa zishalo zinayi zosiyana. Chimene chidatsekereza magazi koposa chidali chishalo chowonda chokhala ndi siponji yokhuthala. Chachikopa chotambalala chopanda siponji chidachita bwino kuposa chimenecho, ndipo chotambalala chopanda mphuno chidaposa zonse. Iwo adatsimikiza kuti m'lifupi mwa chishalo ndimo mofunika kuposa kuchuluka kwa siponji. Ku America, bungwe loona za umoyo wa anthu pantchito la NIOSH lidayesa zishalo zopanda mphuno pa apolisi olondera panjinga, amene amakhala pachishalo maola ambiri pa sabata, ndipo mu 2008 lidalengeza kuti dzanzi lidachepa kwambiri.

Izi zisatiopseze kuti titaye njinga. Mu 2018 akatswiri a yunivesite ya California ku San Francisco adayerekeza amuna zikwi zingapo opalasa njinga ndi osambira komanso othamanga, ndipo adapeza kuti umoyo wa ziwalo zobisika wa opalasa sudali woipa kuposa wa enawo. Adapezanso kuti amene amaimirira pamapedulo kawirikawiri samva dzanzi kwambiri. Phunziro lake ndi lakuti dzanzi ndi chenjezo. Mukalimva imirirani pamapedulo kapena tsikani muyende pang'ono, ndipo mukafika kunyumba konzani chishalo. Likapitirira masiku angapo, kapena mukayamba kuvutika pokodza, pitani kuchipatala osachita manyazi.

Zilonda nazo si zozipeputsa, pakuti zagwetsapo ngwazi. Mu 1987 Sean Kelly wa ku Ireland ankatsogola mu mpikisano waukulu wozungulira dziko la Spain, koma adausiya kutatsala masiku ochepa chifukwa cha chotupa cha pachishalo. Mu 1989 Laurent Fignon wa ku France adapalasa masiku omaliza a Tour de France ali ndi chilonda chotere, ndipo adagonja kwa Greg LeMond ndi masekondi 8 okha pambuyo pa masabata atatu a mpikisano.

KUCHUNA CHISHALO

Chishalo chabwino chikamangidwa molakwika chimasanduka choipa. Pali zinthu zitatu zoti muone, ndipo zonse zimangofuna sipanala.

Choyamba ndi kutalika. Tsamiritsani njinga kukhoma, mukwere, muike chidendene pa pedulo ili pansi penipeni. Mwendo uyenera kuongoka bwinobwino popanda chiuno kupendekera mbali imeneyo. Mukabwezera phazi pamalo ake opalasira, bondo likhala lopindika pang'ono, ndipo m'mene ziyenera kukhalira ndi momwemo. Okonda masamu angagwiritse ntchito njira imene Greg LeMond adaitchukitsa: yezani mwendo wanu cham'kati kuchokera pansi kufika pamphanda, ndipo muchulukitse ndi 0.883. Yankho lake ndi mtunda wochokera pakati pa chitsulo chozungulirapo mapedulo kufika pamwamba pa chishalo. Wa mwendo wa masentimita 80 apeza masentimita 70.6. Chishalo chikakwera mopitirira, chiuno chimagwedezeka uku ndi uku ndipo khungu limapekesedwa. Izi timaziona kwa ana opalasa njinga za abambo awo. Chikatsika kwambiri, miyendo siithandiza kusenza thupi, kulemera konse kumatsalira pamatako, ndipo mawondo amawawa. Pokweza chishalo samalani mzere wolembedwa pa paipi yake; mzerewo usatuluke kunja kwa felemu, kuopa kuti paipi ingathyoke muli paulendo.

Chachiwiri ndi kupendeka. Yambani ndi chishalo chogona mofanana, mphuno osaloza kumwamba kapena pansi. Njinga ili pamalo osalala, ikani kathabwa pachishalo ndipo pamwamba pake mugoneke botolo loonekera la madzi losadzaza kwenikweni. Thovu la mpweya likaima pakati ndiye kuti chalingana. Mphuno yoloza kumwamba imabaya malo ofewa. Yoloza pansi kwambiri imatsetsereza munthu kutsogolo, ndipo manja ndi mapewa zimatopa pomubweza. Chishalo chachikopa chokha ndicho chimakonda kudzutsa mphuno pang'ono chifukwa cha kulendewera kwake.

Chachitatu ndi kusuntha chishalo kutsogolo kapena kumbuyo. Ngati nthawi zonse mumapezeka mwakhala pamphuno, mwina mahandulo akutalikirani, ndipo vuto si siponji. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, pang'ono pokha ngati theka la sentimita, mupalase masiku awiri kapena atatu musanasinthe china. Kumbukiraninso kuti munthu amene wakhala temu yonse osakwera njinga amamva kuwawa pa mafupa okhalira masiku oyamba a tchuthi ngakhale chishalo chikhale chabwino. Kuwawa kumeneko kumatha thupi likazolowera. Dzanzi ndi kusupuka kwa khungu sizizolowereka.

ZOVALA NDI UKHONDO

Pakati pa khungu ndi chishalo pali nsalu, ndipo nayo ili ndi mbali yake. Buluku la jinzi lili ndi msoko wokhuthala pamene nsalu zinayi zimakumana, ndipo msokowo umagwa pamalo ofewa penipeni. Pa ulendo wautali valani chovala chopanda msoko wokhuthala pakati, chosakwinyika ndiponso chouma msanga. Akatswiri ampikisano amavala makabudula othina okhala ndi kansalu kofewa kosokerera m'kati. Kale kansaluko kankakhala kachikopa chofewa, koma lero n'kansalu ndi siponji yopyapyala. Taonani nzeru yake: chofewacho chimamatirira thupi n'kumayenda nalo, motero sichikhula khungu monga imachitira siponji yomangirira pachishalo. Mukafika, sambani ndi sopo ndipo musinthe zovala zonyowa ndi thukuta. Mafuta odzola opaka m'ntchafu musananyamuke amachepetsa kukhulana. Chithupsa chikatuluka musachifinye. Pumulani kupalasa mpaka chipole.

PHUNZIRO LA KABAZA

Anzathu a kabaza amatipatsa chitsanzo chabwino cha zonsezi, chifukwa njinga yawo ili ndi mipando iwiri ya ntchito zosiyana. Pakaliyala pamakhala khushoni yotambalala, yokhuthala ndi yofewa, yokutidwa ndi nsalu yokongola. Pamenepo palibe cholakwika, pakuti wokwera sapalasa, ntchafu zake sizikhula kanthu, ndipo amatsika pakatha mphindi zochepa. Koma wopalasa amakhala pachishalo kuyambira m'mamawa mpaka madzulo, akukoka munthu kapena matumba a chimanga. Iyeyu akatengera khushoni ya wokwera n'kuunjika siponji ya matiresi pachishalo chake, adzadwala zilonda. Chimene chimamuyenera ndi chishalo chotambalala mokwanira mafupa ake, cholimba, chosalala pamwamba, cha masipuling'i amoyo, chomangidwa pa msinkhu wa mwendo wake. Ngati afuna kuchikuta, nsalu yopyapyala yokokedwa bwino popanda makwinya ndi yokwanira.

MAWU OMALIZA

Tsono, owerenga anzanga, mukadzapita kukagula chishalo kapena kukonza cha njinga ya kunyumba, musadzayambe ndi kuchidinda ndi chala. Yambani mwadzifunsa kuti mumakhala bwanji panjingapo, chilili kapena mowerama, ndiponso kuti maulendo anu ndi aatali bwanji. Yezani mafupa anu pa katoni ndipo mupite ndi rula kumsika. Sankhani cholimba pang'ono kusiyana ndi chofewa kwambiri, muone ngati masipuling'i ndi ofanana mphamvu ndiponso ngati chikuto chilibe msoko pokhalira. Mukamanga, chunani kutalika ndi kupendeka modekha. Ndipo mukaona mbale wanu akumangirira siponji yachitatu pamwamba pa ziwiri zakale, mubwerekeni sipanala ndi katoni, mumufotokozere za nkhata.